Mmene mungawerengere malipiro a kunja musananyamuke

Mwana wa mlongo wanga anandipeza kunyumba kuno ku Ntcheu Loweruka lina madzulo, foni ili m'manja, nkhope ili ngwee. Mnzake wa kusekondale amene ali ku Joni anali atamulembera pa WhatsApp kuti kumene iye akugwira ntchito kukufunika munthu wina, ndipo malipiro ake ndi R5,600 pa mwezi. Mnyamatayo anali atachulukitsa kale ndalamazo ndi mtengo wa randi wa tsiku limenelo, ndipo makwacha amene anatuluka anali ochuluka kuposa amene iye anagwirapo pa mwezi umodzi chibadwire. “Amalume,” anatero, “ndikangokhalako chaka chimodzi, nyumba ya malata yatha, njinga yamoto ya kabaza ndagulanso.” Ndinamuuza kuti, “Mphwanga, khala pansi, tenga kope ndi cholembera, tiwerengere limodzi.” Zimene tinachita tsiku limenelo ndi zimene ndikufuna kufotokoza pano, chifukwa kuyambira ku Tsangano, Lizulu ndi Kampepuza mpaka ku Bembeke, Linthipe ndi Chimbiya, pafupifupi banja lililonse lili ndi munthu amene ali kunja kapena amene akuganiza zopita.

Choyamba kuchita n'kusiya kusintha malipirowo kukhala makwacha. Lendi, ufa, thiransipoti ndi magetsi mudzalipira m'ndalama ya dziko limene mukupitalo, pa mitengo ya komweko, ndipo zimene zidzafike kumudzi ndi zotsala zokha. Choncho kuwerengera konse kuchitike m'marandi, m'mashekeli kapena m'mapaundi, ndipo kwacha ibwere pamapeto penipeni. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Ndalama imene yalembedwa mu uthenga wa pa foni idakali pachala.

Pali chifukwa chimene ambiri a ife timasokonezekera pa nkhani imeneyi. Azigogo athu amene ankapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, kampani yolemba anthu ntchito imene pambuyo pake inadziwika kuti Theba, ankagona kukomboni ya kampani, ankadya chakudya cha kampani, ndipo gawo la malipiro awo linkasungidwa n'kudzalandirira kuno kumudzi. N'chifukwa chake ankabwera ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi ndalama zogulira ng'ombe, ngakhale kuti ntchitoyo inali yowawa ndipo ambiri anabwerako chifuwa chitawonongeka. Ulendo umenewo unaima mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, unayambiranso mu 1977, ndipo unatheratu cha mu 1988. Chithunzi cha munthu wobwera ndi katundu chinatsala m'mitu mwathu, koma dongosolo limene linkamusungira ndalama linapita. Wopita lero amadzilipirira zonse yekha, ndipo palibe amene amamuikira kanthu pambali.

Mukamva za malipiro, funsani kuti ndi a maola angati, masiku angati pa sabata. Funso limeneli limaoneka laling'ono, koma ndi pamene anthu ambiri amagwera. Ku South Africa kuli lamulo la malipiro ochepetsetsa limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2019 pa R20 pa ola, ndipo ndalamayi imakwezedwa chaka ndi chaka m'mwezi wa Malichi: mu 2024 inafika pa R27.58, mu 2025 pa R28.79. Antchito a m'nyumba ndi a m'mafamu, amene poyamba anali ndi mlingo wotsikirapo, tsopano ali pa mlingo womwewo. Lamulo la ntchito la dzikolo limati maola a nthawi zonse asapitirire 45 pa sabata, ndipo ola la ovataimu lilipidwe ngati ola limodzi ndi theka. Mukachulukitsa R28.79 ndi maola 45, kenako ndi masabata anayi ndi kachigawo amene ali m'mwezi, mupeza pafupifupi R5,600. Apa mnyamata uja anaona yekha kuti ntchito imene ankaiyesa yapamwamba inali ya malipiro otsikitsitsa amene lamulo linkalola mu 2025. Ndiponso mayi amene akuchapa ndi kukolopa m'nyumba ya munthu masiku atatu okha pa sabata, maola 8 pa tsiku, pa mlingo womwewo safika R3,000 pa mwezi, pomwe lendi yake ndi ya mwezi wathunthu.

Tsopano lembani zonse zimene zidzachoke pa ndalamayo. Mitengo yake muifunse kwa anthu atatu osiyana amene akukhala m'dera limene mukupitalo, kaya ndi Tembisa, Diepsloot kapena Alexandra ku Johannesburg, kaya ndi Dunoon kapena Masiphumelele ku Cape Town, ndipo mmodzi mwa atatuwo asakhale mnzake wa amene akukuitananiyo. Manambala amene ndikuika apa ndi ongoyerekeza kuti muone kawerengedwe kake. Tinene kuti chipinda ndi R1,500, magetsi ogula ndi palafini R400, ndipo minibasi, imene kumeneko amaitcha teksi, ndi R40 pa tsiku kupita ndi kubwera, zimene pa masiku 22 zikukwana R880. Chakudya tiike R1,400, mayunitsi ndi bandulo zolankhulira ndi kumudzi R200, sopo, mafuta odzola ndi zina zing'onozing'ono R200, gulu la maliro R100. Ngati ntchitoyo ndi yolembedwa mwalamulo, bwana adzadulanso randi imodzi pa R100 iliyonse kupita ku thumba la UIF, limene limathandiza munthu ntchito ikatha. Pa R5,600 imeneyo ndi R56. Zonse pamodzi ndi R4,736, ndipo chotsala ndi R864. Malipiro anu enieni ndi amenewo, m'mwezi umene simunadwale, simunagule nsapato kapena jekete, ndipo kumudzi sikunagwe maliro.

Pa ndalama ya gulu la maliro ndikufuna kuimapo pang'ono, chifukwa achinyamata ambiri amaichotsa pa mndandanda poganiza kuti ndi ya nkhalamba. Kunyamula thupi kuchokera ku Johannesburg, kudutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete mpaka kudzalowa pachipata cha Dedza, kumafuna ndalama zimene mabanja ambiri kuno sangazipeze popanda kugulitsa munda kapena ziweto. Taonapo midzi ikudikira maliro masabata awiri kapena atatu, anthu akusonkha pa WhatsApp, chakudya cha pasiwa chikutha asanafike mwini wake. Munthu amene akukonda abale ake alowe gulu la Amalawi anzake kapena atenge inshuwalansi ya maliro mwezi woyamba womwe walandira, ndipo afunse bwino ngati ikulipira ulendo wobwera ndi thupi kuno kumudzi.

Mukapeza chotsala cha pa mwezi, bwererani m'mbuyo muwerengere ngongole ya ulendo. Muli ndalama ya pasipoti, maulendo a ku ofesi ya Immigration ku Lilongwe kapena ku Blantyre, basi kapena transipota, kamba wa panjira, lendi ya mwezi woyamba pamodzi ndi dipoziti, komanso chakudya cha masabata onse amene mudzakhale musanalandire kanthu. Gawani ngongole yonseyo ndi chotsala chija. Ngati zonse zikukwana R6,000 ndipo mukutsala ndi R864 pa mwezi, ndiye kuti miyezi isanu ndi iwiri yoyamba mukugwirira ngongole, ndipo kunyumba sikukufika ngakhale tambala. Ngati ndalamayo mwatenga ya katapila, imene imabereka mwezi ndi mwezi, miyezi imeneyo ikhoza kufika chaka n'kupitirira. Maganizo anga ndi akuti munthu asapinyolitse munda wa makolo kapena kugulitsa ng'ombe zolimira chifukwa cha ulendo umene ntchito yake sinatsimikizike. Ngati n'kubwereka, banki m'khonde imene mkazi wanu kapena amayi anu ali membala ndi yabwinopo, bola gulu lonse lidziwe kuti kubweza kudzayamba liti.

Palinso mbali imene anthu saiwerengera konse, imene ndi zimene mukusiya. Mnyamata wa ku Tsangano amene amalima mbatatesi kawiri pa chaka, ali ndi dimba la kabichi ndi tomato, ndipo amagulitsa pamsika wa m'mbali mwa msewu wa M1, akachoka ndiye kuti manja ake achokanso m'munda. Mkazi wake adzafunika kulemba aganyu, ndipo aganyuwo adzalipidwa pa R864 yomwe ija. Lembani phindu limene munapeza chaka chatha pa mbewu, ziweto ndi geni, mutachotsa feteleza, mbewu ndi mankhwala, muligawe pa miyezi 12, ndipo muyerekeze ndi chotsala cha kunja mutachisintha tsopano kukhala makwacha. Kwa ena kupita kumapambanabe, makamaka amene alibe malo olima okwanira kapena ali ndi luso la m'manja monga kuwotcherera, kumanga, ukalipentala kapena kusoka, chifukwa amenewo salandira malipiro otsikitsitsa kwa nthawi yaitali. Kwa ena kusiyana kwake kumakhala kochepa kwambiri moti sikukwanira kulipira zaka zokhala kutali ndi ana.

Nkhani ya mapepala imasintha kuwerengera konseku. Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa ngati mlendo kwa masiku 30 popanda viza, koma chidindo chimenecho sichimupatsa chilolezo chogwira ntchito. Wopitirira masiku ake amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikolo ndipo amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zisanu, ndipo wogwidwa akhoza kusungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo. N'zoona kuti makhoti a kumeneko anagamula kuti wantchito wopanda pemiti alinso ndi ufulu wa pantchito ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya mabwana ndi antchito, koma munthu amene akuopa kugwidwa kawirikawiri sapitako, ndipo mabwana ena amadziwa zimenezi n'kumalipira pansi pa mlingo wa lamulo. Wopanda pemiti amavutikanso kutsegula akaunti kubanki, motero ndalama amasunga m'chipinda chimene akugona ndi anthu ena. Choncho ngati ntchito imene akukuitaniraniyo ilibe pemiti, musawerengere malipiro a miyezi 12 pa chaka, chifukwa tsiku lililonse ikhoza kutha popanda chenjezo ndiponso popanda cholowa.

Funsaninso za pogona, ndipo pemphani chithunzi kapena vidiyo ya chipinda chenichenicho, pamodzi ndi chimbudzi ndi mpopi. Funsani kuti mukugona angati, khoma ndi la njerwa kapena ndi mkhukhu wa malata, ndipo kuchokera pamenepo kukafika kuntchito ndi ulendo wa nthawi yaitali bwanji. Ife a ku Dedza ndi Ntcheu timadziyesa odziwa kuzizira, ndipo n'zoona kuti chiperoni cha Juni timachidziwa, koma ku Johannesburg madzi amatha kuundana usiku, pomwe ku Cape Town nyengo yozizira ndi imenenso kumagwa mvula, moti mkhukhu wodontha umadwalitsa chifuwa. Mbaula za palafini, makandulo ndi mawaya a magetsi olumikiza mwachinyengo zimabutsa moto kawirikawiri. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ina yosanja ku Marshalltown, pakati pa mzinda wa Johannesburg, inapsa n'kupha anthu 76, ndipo pakati pawo panali Amalawi amene ankakhalamo chifukwa lendi inali yotsika. Lendi yotsika kwambiri muziifunsa kawiri. Kumbukiraninso kuti mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa obwera, ndipo mu Epulo 2015 boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu athu amene anathawa ku Durban atasiya katundu yense. N'chifukwa chake ndalama ya basi yobwerera izikhala payokha nthawi zonse, osaikhudza.

Ntchito za m'nyumba kapena za pafamu zogonera komweko zili ndi ubwino wakuti lendi ndi teksi zimachoka pa mndandanda, ndipo chotsala chimakula. Lamulo la South Africa limalola bwana kudula ndalama ya nyumba yosapitirira R10 pa R100 iliyonse ya malipiro a wantchito wa m'nyumba. Chimene muyenera kugwirizana musanayambe ndi nthawi yowerukira ndi tsiku lopuma, popeza wogonera pantchito amatha kudzutsidwa nthawi iliyonse.

Kawerengedwe komweka kagwiritsidwe ntchito pa maiko ena, kungoti mafunso ake amasintha pang'ono. Kuyambira Novembala 2023, pamene gulu loyamba la achinyamata 221 linanyamuka, Amalawi akhala akupita kukagwira ntchito m'mafamu a ku Israel, kumene antchito ambiri akunja anachoka nkhondo itabuka mu Okutobala chaka chomwecho. Malipiro ochepetsetsa kumeneko anali mashekeli 5,880 pa mwezi kuyambira Epulo 2024, n'kukwera kufika 6,247 mu Epulo 2025, ndipo poyerekeza ndi ku Joni ndi ndalama yaikulu. Koma pa ndalamayo pamachoka msonkho, nyumba, inshuwalansi ya chipatala ndi ngongole ya ulendo, chakudya n'chodula, ndipo viza yake imakumangani ku ntchito ya ulimi yokha. Mu Meyi 2024 Amalawi 12 anabwezedwa kuno chifukwa anachoka m'mafamu n'kukayamba ntchito zina. Musanasaine, pemphani kuti mgwirizano ulembe mlingo wa pa ola, maola a pa mwezi, mtengo wa ovataimu ndi chilichonse chimene chidzadulidwe, chimodzichimodzi, ndipo mufunse ngati pafamupo pali pobisalira mabomba.

Kwa alongo athu amene akulonjezedwa ntchito za m'nyumba ku Oman ndi maiko ena a Aluya, funso la malipiro limabwera pambuyo pa funso la ufulu wochoka. M'maiko angapo kumeneko muli dongosolo lotchedwa kafala, limene limamangirira viza ya wantchito kwa bwana mmodzi, moti kuchoka popanda chilolezo chake kumatengedwa ngati kuthawa. Mu 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amayi a Chimalawi amene anakopedwa kudzera pa Facebook, anakalandidwa mapasipoti, ankagwira ntchito usana ndi usiku, ena osalipidwa, ndipo oposa 50 anachita kuwomboledwa kuti abwerere kwawo. Munthu aliyense amene akukuuzani kuti tikiti ndi yaulere, mgwirizano mukasainira komweko, ndipo musauze anthu ambiri, mukamunene kupolisi. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2015 lolimbana ndi kuzembetsa anthu. Za ku United Kingdom ndingonena mwachidule kuti kuyambira Julayi 2025 dzikolo linasiya kupereka maviza atsopano kwa osamalira okalamba ochokera kunja, choncho dobadoba amene akukugulitsani malo a ntchito imeneyo akufuna kukuberani.

Kulikonse kumene mukupita, tengani kalata ya ntchitoyo ndi dzina la kampani yolemba anthuyo mupite nazo ku ofesi ya zantchito paboma, ku Ntcheu kapena ku Dedza, mukafunse ngati ndi yovomerezeka ndi Unduna wa Zantchito. Jambulani pasipoti, mgwirizano ndi viza, musiye makope kwa munthu wamkulu wa m'banja, ndipo ena muwasunge pa imelo. Lembani nambala ya ofesi ya kazembe wa Malawi, monga ya ku Pretoria, ya ku Johannesburg kapena ya ku Tel Aviv, papepala osati m'foni mokha. Mukayamba ntchito, sungani kapepala ka malipiro ka mwezi uliwonse, ndipo ngati bwana sapereka, lembani nokha m'kope tsiku, maola ndi ndalama imene mwalandira. Azigogo a kumigodi aja akhala zaka zambiri akutsatira ndalama zawo za penshoni, ndipo ngakhale pamene makampani a migodi ya golide anavomera kupereka R5 biliyoni kudzera ku Tshiamiso Trust kwa odwala chifuwa cha fumbi la m'migodi, chimene chimafunsidwa koyamba ndi umboni wakuti munthuyo anagwiradi ntchito pamgodi wakutiwakuti, zaka zakutizakuti.

Potumiza ndalama, yerekezani zinthu ziwiri pamodzi, ndalama yotumizira ndi mtengo wosinthira, chifukwa njira ina imaoneka yotchipa koma ikupereka makwacha ochepa pa randi. Mukuru, Mama Money, Hello Paisa ndi zina zotere zimasiya umboni, ndipo ndalama imatha kufikira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Transipota kapena mnzanu wa pamsewu akhoza kupereka mtengo wokwererapo, koma ikasowa mulibe kokadandaula. Ndalama ya chakudya ndi fizi ipite payokha mwezi ndi mwezi, ndipo ya chitukuko isagone m'makwacha nthawi yaitali. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anasunga makwacha a malata anapeza kuti akukwanira theka la denga. Ndi bwino kugula malata, simenti ikayandikira nthawi yomanga, feteleza mitengo isanakwere, kapena mbuzi, ndipo risiti ijambulidwe n'kutumizidwa kwa inu. Popeza kuno ambiri tili pa chikamwini, kambiranani poyera ndi mkazi wanu, ankhoswe a mbali zonse ndi amfumu kuti nyumbayo ikumangidwa pamalo a yani, musanaumbe njerwa imodzi yomwe. Gwirizananinso chaka chobwerera ndi cholinga chimene chikakwaniritsidwa mudzanyamuke, chifukwa ambiri amene timawatcha matchona sanachoke ndi mtima wotchona, koma chotsala chinali chochepa ndipo manyazi obwera chimanjamanja anakula chaka ndi chaka.

Mnyamata uja anatumiza mafunso ake usiku womwewo, ndipo mayankho anabwera patapita masiku awiri. Ntchitoyo inali ya pamalo otsukira magalimoto, masiku asanu ndi limodzi pa sabata kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, yopanda pemiti, ndipo chipinda anali kudzagona anthu anayi. Titagawa R5,600 ndi maola amenewo, ngakhale titachotsa ola la nkhomaliro, inatsika kufika pansi pa R22 pa ola. Iye anasankha kuyamba wakumba mbatatesi yake, atenge pasipoti ndi ndalama yakeyake popanda katapila, ndipo miyezi imeneyi akuphunzira kuwotcherera pashopu ina paboma pano. Akunenabe kuti adzapita, ndipo kope lija akulisunga. Sabata yatha anandionetsa tsamba latsopano limene walembapo mitengo ya zipinda ku Tembisa imene wafunsa kwa anthu ena awiri.